Kodi n'zoona kuti ubongo wa Atchaina umaika zabwino m'mwamba, zoipa pansi?

Achemwali ena amene akuphunzira unamwino ku China andilembera imelo. Funso lawo ndalifupikitsa motere: "Mphunzitsi wathu wa Chitchaina akamayamikira munthu wa khalidwe labwino amati ndi gaoshang, ndipo akuti gao ndi kutalika kopita m'mwamba. Munthu wa makhalidwe onyansa amati ndi xialiu, ndipo xia ndi pansi. Anatiuzanso kuti akatswiri anapeza kuti ubongo wa Mtchaina umaonadi chabwino ngati chili pamwamba ndi choipa ngati chili pansi. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi kalankhulidwe chabe? Nanga ndi Atchaina okha?"

Achemwali, aphunzitsi anu sanakunamizeni. Kulumikizana kumeneku kulipo ndithu, ndipo kunayesedwa pa anthu. Si kwa Atchaina okha ayi. Koma mphamvu yake ndi yochepa kuposa mmene anthu ambiri amaifotokozera, ndipo chimene chimandikhudza ine kwambiri si zimene zinapezeka pa kompyuta. Ndi choti m'mbiri ya China, "pamwamba" pa khalidwe ndi "pamwamba" pa udindo zinalukana kwa zaka zoposa 2,000, mpaka anthu anafika povutika kuzilekanitsa, ndipo Atchaina eni ake anaona vutoli kalekale n'kuyamba kulitsutsa. Ndifotokoza zonsezi, koma tiyambe ndi zimene mwamva m'kalasi.

Zilembo ziwiri zimene zili pakati pa nkhaniyi ndi 上, chimene amachitchula shang, ndi 下, chimene amachitchula xia. N'zakale kwambiri. Zimapezeka pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba zimene anafukula ku Anyang, mzinda wa ku China, zolembedwa zaka pafupifupi 1,200 Khristu asanabadwe. Nthawi imeneyo zinali mizere iwiri yokha: kamzere kakafupi pamwamba pa mzere wautali kutanthauza m'mwamba, kamzere kakafupi kunsi kwake kutanthauza pansi. Pa zilembo zimenezi, ndi zinzake monga gao (kutalika) ndi di (kutsika), panamangidwa mawu ambiri oweruzira anthu. Chonggao ndi ulemerero wa khalidwe, ndipo chilembo chake choyamba chili ndi phiri pamutu. Beibi ndi munthu wachinyengo wopanda manyazi, ndipo bei ndi kutsika. Duoluo ndi kulowerera m'makhalidwe oipa, ndipo zilembo zake zonse ziwiri zikunena za kugwa. Mkulu wolemekezeka m'dera amamunena kuti de gao wang zhong, khalidwe lake ndi lalitali, mbiri yake ndi yolemera.

Kalankhulidwe kameneka sikadzulo. M'buku la mawu a Confucius, mphunzitsi wotchuka wa ku China amene anakhala ndi moyo kuyambira 551 mpaka 479 Khristu asanabadwe, muli chiganizo chachifupi chakuti munthu wolungama amalunjika m'mwamba, munthu wachabechabe amalunjika pansi. Buku lina lakale lotchedwa Guoyu linasunga mwambi wakuti kutsata zabwino kuli ngati kukwera phiri, kutsata zoipa kuli ngati kugumuka kwa phiri. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sukunena za malo okha. Ukunena za thukuta: kukwera kumafuna mphamvu ndi nthawi, kugumuka kumachitika kamodzi. Wolemba mbiri Sima Qian, pomaliza kulemba za moyo wa Confucius, anatenga mawu a ndakatulo yakale akuti phiri lalitali timaliyang'ana chogadamira, ndipo ananena kuti ngakhale sangafikeko, mtima wake umalakalaka kumeneko.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi zimenezi zimathera pa lilime, kapena zimafika mu ubongo? Amene anayambitsa mkangano umenewu masiku ano ndi George Lakoff ndi Mark Johnson a ku America. Mu 1980 iwo ananena kuti mafanizo si zokometsera chilankhulo chabe. Munthu amamvetsa zinthu zosaoneka, monga nthawi, chikondi ndi chilungamo, pobwereka zimene thupi lake limadziwa kale, monga kutentha, kulemera, kukwera ndi kutsika. Koma umboni wawo unali mawu okhaokha, ndipo otsutsa anafunsa funso labwino: mukutenga mawu kuti mutsimikize za maganizo, kenako mukutenga maganizowo kuti mufotokoze mawu, umboni wina uli kuti?

Akatswiri a zamaganizo anapeza njira yoyesera. Munthu amakhala pa kompyuta. Mawu amatulukira limodzilimodzi, ena kumtunda kwa sikirini, ena kumunsi. Ntchito yake ndi kudina batani msanga kusonyeza ngati liwulo ndi labwino kapena loipa, ndipo kompyuta imayeza nthawi imene watenga m'tizigawo ta sekondi. Malo amene liwu latulukira alibe chochita ndi yankho, choncho ngati ubongo sulabadira za m'mwamba ndi pansi, nthawi iyenera kufanana. Mu 2004 Brian Meier ndi Michael Robinson anapeza kuti sifanana: mawu abwino anazindikirika msanga akakhala kumtunda, oipa akakhala kumunsi. Mu 2005 Thomas Schubert anapeza zofanana pa mawu onena za anthu amphamvu ndi anthu opanda mphamvu. Mu 2007 Meier ndi anzake anayesa mawu a makhalidwe enieni, ndipo m'kafukufuku wina wa chaka chomwecho anayesa mawu onena za Mulungu ndi Mdyerekezi. Onsewa anayesedwa pa anthu a ku America ndi ku Ulaya, ndiye mwaona kale kuti si nkhani ya Atchaina okha.

Ku China, dzina limene mudzakumana nalo kawirikawiri ndi la Lu Zhongyi wa pa Hebei Normal University. Mu 2013 iye ndi Wang Zeng anasindikiza kafukufuku m'magazini ya akatswiri yotchedwa Acta Psychologica Sinica. M'kuyesa kwina anaonetsa anthu chithunzi cha kamunthu kojambula, n'kuwapempha kuti aike mawu pamwamba pake kapena pansi pake. Mawu a makhalidwe abwino anapita pamwamba, oipa pansi. Kumeneku sikudabwitsa kwenikweni, chifukwa munthu akhoza kungolota zimene wofufuzayo akufuna. Kuyesa kumene kumandigwira mtima ndi kwina: anthu akawerenga liwu la khalidwe labwino kenako n'kuonetsedwa chinthu, ankachikumbukira ngati chinali chachitali kuposa mmene chinalili, ndipo akawerenga liwu loipa ankachifupikitsa. Apa liwu lakhotetsa zimene munthu akukumbukira kuti anaona, iye osadziwa. Mu 2017 Lu ndi anzake Jia Lining ndi Zhai Dongxue anaonetsa kuti kukokana kumeneku kumayenda mbali zonse ziwiri, kuchoka pa malo kupita pa khalidwe ndi kuchoka pa khalidwe kupita pa malo, koma mphamvu ya mbali ziwirizi si yofanana.

Apa ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa nkhani ngati izi zikafika pa Facebook zimakula msinkhu. Kusiyana kumene akuyezaku ndi kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi, ndipo kumaoneka pokhapokha mutaphatikiza mayankho ambiri a anthu ambiri. Sikukutanthauza kuti Mtchaina akaona munthu pa nsanja yachisanu amamuyesa woyera mtima. Komanso pali akatswiri, monga Daniël Lakens wa ku Netherlands, amene anasonyeza mu 2012 kuti mbali ina ya zotsatirazi ingafotokozedwe popanda fanizo lililonse. Ubongo umagawa zinthu ziwiriziwiri n'kutenga chimodzi ngati choyambirira, "chabwino" patsogolo pa "choipa", "m'mwamba" patsogolo pa "pansi", ndipo zoyambirira ziwiri zikakumana yankho limafulumira. Onjezaninso kuti mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza makafukufuku 100 a zamaganizo ndipo osakwana theka ndi amene anapereka zotsatira zomwezo. Chiyambire pamenepo, aliyense wowerenga kafukufuku wa mtundu uwu amayenera kufunsa ngati anthu ena, kumalo ena, anapezanso zomwezo. Kuona kwanga n'kwakuti kulumikizana kwa zabwino ndi m'mwamba kwaima bwino kuposa zambiri za m'gulu lake, chifukwa kwapezeka mobwerezabwereza m'zilankhulo zosiyana. Koma ndi kamphepo kokankha pang'ono, osati chingwe chomanga munthu.

Nanga kunachokera kuti? Mbali yaikulu ikuchokera m'thupi. Munthu wamoyo ndi wathanzi amaima, wodwala ndi wakufa amagona. Wosangalala amadzutsa mutu, wamanyazi amawerama. Mwana amakula akuyang'ana m'mwamba kwa amene amamudyetsa, kumuletsa ndi kumuuza kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa. Zonyansa zimagwera pansi ndipo madzi akuda amatsetserekera kumunsi. Pali kafukufuku wa Daniel Casasanto wa mu 2009 amene amaunikira bwino pamenepa. Iye anapeza kuti anthu amanzere amakonda kuika zinthu zabwino kumanzere, pamene anzawo amaziika kumanja, aliyense kutsata dzanja limene limamugwirira bwino ntchito. Koma pa za m'mwamba ndi pansi magulu onse awiri anagwirizana kuti chabwino chipite pamwamba. Manja timasiyana, koma tonse dziko limatikokera pansi mofanana.

Ndiye cha Chitchaina chenicheni n'chiyani? Ning Yu, katswiri wa zilankhulo wa pa Pennsylvania State University ku America, anayerekeza Chitchaina ndi Chingerezi mu 2016 pamodzi ndi anzake awiri, ndipo anapeza kuti zilankhulo ziwirizi zimagwiritsa ntchito mafanizo a malo ofanana: kukwera ndi kutsika, kuima chilili ndi kupendekeka, kuwongoka ndi kukhota, kusalala ndi kusasalala, kukula ndi kuchepa. Mafupa ake ndi amodzi. Chosiyana ndi mnofu umene mbiri ya dziko inaikapo, ndipo ku China mnofu umenewo ndi ulamuliro.

Tamverani izi, achemwali. Ban Gu, wolemba mbiri ya ufumu wa Han amene anamwalira m'chaka cha 92 Khristu atabadwa, m'buku lake muli tebulo la anthu otchuka a m'nthawi zakale, pafupifupi 2,000, ndipo onse anawagawa m'magulu asanu ndi anayi. Gulu loyamba ndi shang-shang, pamwamba pa pamwamba, la anthu oyera mtima ndi anzeru zakuya. Lotsatira ndi pakati pa pamwamba, kenako pansi pa pamwamba, kutsika choncho mpaka xia-xia, pansi pa pansi, gulu la zitsiru. Confucius ali m'gulu loyamba. Zhou, mfumu yomaliza ya ufumu wa Shang (ili ndi dzina la ufumu, si shang uja wa m'mwamba), imene imakumbukiridwa ndi nkhanza, ili m'gulu lomaliza. Popeza Chitchaina chinkalembedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, wowerenga ankaona ndi maso ake anthu abwino kumutu kwa tsamba ndi oipa kumiyendo. Chimene ofufuza a lero akuchita pa sikirini, wolemba mbiriyu anachichita pa tebulo lake zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Ndipo taonani kuti m'tebulo limeneli mfumu ikhoza kukhala pansi, mphunzitsi wopanda ufumu n'kukhala pamwamba. Muyeso unali khalidwe.

Zinasintha pamene makwerero omwewa analowa m'boma. M'chaka cha 220, nduna yotchedwa Chen Qun inakhazikitsa mu ufumu wa Wei njira yosankhira ogwira ntchito za boma ya magulu asanu ndi anayi. M'chigawo chilichonse munali mkulu woyeza anthu, amene ankayang'ana khalidwe, luso ndi banja la munthu n'kumupatsa gulu, ndipo gululo ndi limene linkatsegula kapena kutseka khomo la udindo. Cholinga chinali chabwino, kuti anthu a khalidwe ndi amene akwere. Koma oyezawo anali ochokera m'mabanja akuluakulu ndipo ankayeza ana a anzawo. Pasanathe zaka 100, nduna ina ya ufumu wa Jin, Liu Yi, inadandaula kwa mfumu ndi mawu amene Atchaina amawakumbukirabe: m'magulu apamwamba mulibe wochokera m'banja losauka, m'magulu apansi mulibe wochokera m'banja lamphamvu. Njirayi inakhalapo mpaka ufumu wa Sui, pamene mayeso olemba anayamba kulowa m'malo mwake.

Apa ndi pamene ine ndimaimapo nthawi yaitali. Liwu limodzi, shang, linanyamula katundu awiri: wabwino, ndi wolamula. Mfumu yaikulu ankaitchula huangshang. Poilankhula ankati bixia, kutanthauza pansi pa masitepe, chifukwa munthu wamba sankayenera kulankhula nayo mwachindunji. Ankachita ngati akulankhula ndi alonda oima kunsi kwa mpando wachifumu. Podzitchula yekha mwaulemu munthu ankati zaixia, ine amene ndili pansi. M'makalata a boma a nthawi ya ufumu wa Qing, mlembi akafika pa dzina la mfumu ankasiya mzere umene akulembawo, n'kuyamba wina, ndipo dzinalo ankalikweza pamwamba kuposa mizere ina yonse. Panali kukweza kamodzi, kawiri, ngakhale katatu pa makolo a mfumu. Ku Beijing, holo yaikulu ya m'nyumba yachifumu inamangidwa pa nsanja zitatu za miyala yoyera, kuti wobwera azikwera ndi kugadamira. Mpaka lero bwana wa kuntchito ndi shangji, wogwira ntchito pansi pake ndi xiaji.

Munthu akakula m'dziko limene wabwino ali pamwamba ndipo wolamula alinso pamwamba, ubongo wake suchedwa kudumpha n'kuganiza kuti wolamula ndiye wabwino. Kafukufuku wa Schubert wa mphamvu ndi wa Meier wa makhalidwe akuloza mbali imodzimodzi ya sikirini. Chifukwa chake sindiona nkhaniyi ngati masewera a akatswiri. Inuyo mukuphunzira unamwino. M'chipatala mudzabwera wovala bwino wolankhula molamula, ndipo mudzabwera wonyozeka amene wagona pansi pakhonde. Kamphepo kaja, ngakhale n'kochepa, kamakankhira mbali imodzi nthawi zonse, ndipo munthu wotopa amene akuyenera kusankha msanga ndi amene kamamupeza mosavuta.

Wophunzira wa Confucius wotchedwa Zigong anaona mbali ina ya ngozi yomweyi, ndipo mawu ake ndi amene amamveketsa liwu lanu lija la xialiu, limene poyamba linkatanthauza kumunsi kwa mtsinje. Iye anati kuipa kwa mfumu Zhou sikunafike pamene anthu amanenera. N'chifukwa chake, anatero, munthu wolungama amadana ndi kukhala kumunsi kwa mtsinje, pakuti zoipa zonse za padziko zimatsetserekera komweko. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akangoikidwa pansi, anthu amayamba kumusenzetsa ngakhale milandu imene sanapalamule. Mawu amenewa ananenedwa zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo ananenedwa pa mfumu imene aliyense ankaida.

Chinanso chimene aphunzitsi anu mwina sanafike nacho n'chakuti m'nzeru za ku China muli mtsinje wina waukulu umene umayenda motsutsana ndi zonsezi. Buku la Daodejing, limene amati analemba ndi munthu wanzeru wakale wotchedwa Laozi, m'mutu wake wa 8 limati ubwino wapamwamba uli ngati madzi: amapindulitsa zinthu zonse popanda kulimbana nazo, ndipo amakhala pamalo pamene anthu amanyansidwa napo. Liwu la shang lilimo m'chiganizochi, koma chimene chikutchedwa chapamwamba ndi chinthu chimene chimafunafuna malo otsika. M'mutu wa 66 bukuli limati mitsinje ikuluikulu ndi nyanja zimalamulira zigwa zonse chifukwa zimadziwa kukhala kunsi kwake, ndipo limapitiriza kuti wofuna kukhala pamwamba pa anthu ayenera kudzitsitsa m'kalankhulidwe kake. Uku kunali kulangiza mafumu, anthu omwe aja okhala pa nsanja.

Ndipo si a Laozi okha. Mencius, wotsatira wamkulu wa Confucius, anatsutsana ndi munthu wina wanzeru dzina lake Gaozi. Gaozi ankati chibadwa cha munthu chili ngati madzi ozungulira padziwe: mukawatsegulira kum'mawa apita kum'mawa, mukawatsegulira kumadzulo apita kumadzulo, sasankha chabwino kapena choipa. Mencius anavomera kuti madzi sasankha kum'mawa kapena kumadzulo, koma anafunsa ngati sasankhanso pakati pa kukwera ndi kutsika. Ubwino wa chibadwa cha munthu, anatero, uli ngati kutsika kwa madzi. Mukhoza kuwamenya kuti athovukire kupitirira mphumi yanu, mukhoza kuwatchinga mpaka akwere phiri, koma kumeneko ndi kuwakakamiza, ndipo munthu akachita zoipa zimakhalanso choncho. Apa zabwino zili kumunsi ndipo kukwera ndiye kusokonekera. Yerekezani ndi mwambi wa mu Guoyu uja, umene umati zabwino ndi chitunda. Awiriwa akusiyana pa funso lalikulu: kodi kukhala munthu wabwino ndi kulimbana ndi chibadwa chako, kapena ndi kuchilola kuti chiyende m'njira yake? Onse awiri anatenga phiri ndi madzi kuti ayankhe, ndipo anayankha mosiyana.

Izi zikundiuza kuti fanizo la m'mwamba ndi pansi silitsekera anthu m'khola. Ubongo umalipereka msanga, koma anthu oganiza amatha kulitembenuza, ndipo akalitembenuza mawu awo amaluma kwambiri chifukwa womvera amayembekezera zina. Ifenso timazidziwa: kutchalitchi timati uje wagwa, koma timadzudzulanso wodzikweza ndi kuyamikira wodzichepetsa.

M'Chitchaina cha tsiku ndi tsiku mudzakumana ndi mbali zonse ziwirizi, choncho musangoloweza kuti gao ndi chabwino, di ndi choipa. Gao'ao ndi munthu wonyada wonyoza anzake. Zigao zida ndi wodziona wamtali ndi wamkulu, ndipo si chiyamikiro. Qinggao likhoza kutanthauza munthu wosadetsedwa ndi dyera, koma kawirikawiri anthu amalinena pa munthu amene amadzipatula ngati kuti anzake ndi akuda. Mbali inayi, mnzanu wa m'kalasi akanenedwa kuti ndi didiao, wa mawu otsika, akumuyamikira kuti ali ndi luso kapena chuma koma sadzionetsera, pamene chang gaodiao, kuimba mokweza, ndi kulankhula zazikulu zimene suchita. Zaixia mudzalimva m'mafilimu a nkhani zakale, osati mu wodi. Ndipo xialiu mulisamale kwambiri: masiku ano limanena makamaka za zolaula ndi khalidwe lachisembwere, ndipo kumuuza munthu pamaso ndi chipongwe chachikulu.